Pulofesa Anind Dey ndi Makina Ofuna Kudziwa Mmene Tilili

 Nkhani yanga ili ndi munthu mmodzi ndi funso limodzi. Munthuyo ndi Pulofesa Anind Dey, katswiri wa za makompyuta amene mu Januwale 2018 anayamba kutsogolera sukulu yotchedwa Information School pa University of Washington, mumzinda wa Seattle ku America. Funsolo ndi ili: tikamanena kuti wofufuza wakutiwakuti ntchito yake yapita patali, timakhala tikunena chiyani kwenikweni?

Yankho lachangu mukulidziwa. Masiku ano komiti yokweza anthu pa ntchito ikakhala pansi, wina amatsegula Google Scholar n'kuona kuti zolemba za munthuyo zatchulidwa kangati ndi ofufuza ena. Pa muyeso umenewu a Dey alibe chowadetsa nkhawa, pakuti zolemba zawo zatchulidwa maulendo zikwi makumi angapo. Koma nambala yotereyi imangotiuza kuti dzina lamveka. Siitiuza chimene munthuyo anapanga, chimene anzake anatengapo, ngakhale pamene ntchitoyo inalekezera. Kuti tidziwe zimenezo, tiyenera kuitsegula ntchitoyo n'kusuzumiramo.

Tiyambire kumbuyo pang'ono, a Dey asanalowe m'bwalo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamalo ochitira kafukufuku a kampani ya Olivetti ku Cambridge, ku England, a Roy Want, a Andy Hopper ndi anzawo anapanga kabaji kovala pachifuwa kotchedwa Active Badge. Masekondi 15 alionse kabajiko kankatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mtundu womwe uja umatuluka mu limoti ya TV, ndipo tizipangizo tokhomedwa m'zipinda tinkalandira kuwalako n'kuuza kompyuta kuti uje ali m'chipinda chakuti. Vuto limene ankafuna kuthetsa linali la mu ofesi chabe. Lamya ikalira, wolandira alendo asachite kuzungulira nyumba yonse kusakasaka munthu. Angoyang'ana pa sikirini, aone dzina, chipinda ndi nambala ya lamya yapafupi, n'kulumikiza. Za ntchitoyi analemba mu 1992. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Seputembala 1991, a Mark Weiser a ku Xerox PARC ku California anali atalemba m'magazini ya Scientific American kuti m'tsogolo kompyuta idzasiya kukhala chibokosi chimodzi cha pa tebulo, idzamwazikana m'zinthu zotizungulira mpaka tidzasiya kuiona. Kenako mu 1994 a Bill Schilit ndi a Marvin Theimer anapereka dzina limene lagwira mpaka lero, context-aware computing, kunena makina amene amasintha zochita zawo malinga ndi pamene munthu ali, amene ali naye pafupi, ndi zimene zikuchitika pamalopo.

Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, magulu ambiri anali akupanga zinthu zotere, koma aliyense ku mbali yake. Wina amanga pulogalamu yodalira kabaji, wina yodalira GPS, ndipo pulogalamu iliyonse inali yomatiridwa ku kachipangizo kake. Kachipangizoko kakasintha, pulogalamu yonse yoyambiranso. Komanso sankagwirizana kuti chimene makinawo akuyenera kudziwa ndi chiyani. Aliyense ankangondandalika zitsanzo: malo, nthawi, nyengo, kutentha, anthu oyandikana nawo. Mndandanda wa uyu sunkafanana ndi wa uyo.

Apa ndiye pamene a Dey analowera. Iwo anaphunzira uinjiniya wa makompyuta pa Simon Fraser University ku Canada, n'kumaliza mu 1993, kenako anapita ku Georgia Tech mumzinda wa Atlanta. Digiri yawo yachiwiri, ya mu 1995, inali ya uinjiniya wa ndege, zimene ndimakonda kuuza ophunzira amene amaganiza kuti phunziro loyamba ndi ukwati. Atabwerera ku makompyuta, anachita digiri ya udokotala moyang'aniridwa ndi Pulofesa Gregory Abowd, n'kumaliza mu 2000. Pa zaka zimenezi anasiya zinthu ziwiri.

Choyamba chinali tanthauzo. M'malo moonjezera zitsanzo pa mndandanda, a Dey ndi a Abowd anati: chidziwitso chilichonse chimene chingathandize kufotokoza mmene zinthu zilili kwa munthu, malo kapena chinthu n'chowerengedwa, bola munthuyo, malowo kapena chinthucho chikhale chokhudza zimene wogwiritsa ntchito pulogalamu akuchita ndi pulogalamuyo. Nzeru yake ili pa mawu akuti bola. Kutentha kwa chipinda n'kofunika kwambiri kwa pulogalamu yoyang'anira filiji ya katemera, koma kwa pulogalamu yowerengetsera masamu kulibe ntchito. Choncho funso linasintha. Sikunalinso kufunsa kuti kodi kutentha kuli pa mndandanda, koma kuti kodi kukukhudza ntchito imene ikuchitika. Anaonjezera kuti pali mafunso anayi akuluakulu: munthu ali kuti, ndi ndani, ndi nthawi yanji, ndipo akuchita chiyani. Mukayankha amenewa, zina mumazipeza pofufuza: mukadziwa dzina mupeza nambala ya foni, mukadziwa malo mupeza nyengo ya kumeneko. Pepala limene anthu amalitchula kwambiri pa nkhaniyi, "Understanding and Using Context", linatuluka mu 2001 m'magazini ya Personal and Ubiquitous Computing, ndipo ndi la masamba anayi okha.

Chachiwiri chinali chida. Pamodzi ndi a Daniel Salber ndi a Abowd, a Dey anapanga Context Toolkit, imene anaionetsa pa msonkhano wa CHI ku Pittsburgh mu 1999. Ganizo lake analibwereka kwa olemba mapulogalamu a pa kompyuta wamba. Wolemba pulogalamu safunika kudziwa za mkati mwa mawusi. Iye amangolandira uthenga woti batani ladinidwa. A Dey anati masensa, tizipangizo tomva zimene zikuchitika, nawonso tiwachite chimodzimodzi. Pakati pa sensa ndi pulogalamu anaikapo kagawo kotchedwa widget, kamene ntchito yake ndi kunena kuti "uje wafika" popanda pulogalamu kudziwa ngati uthengawo wachokera ku kabaji, ku kamera kapena ku khadi. Pamwamba pake anaikapo zigawo zomasulira, zotenga manambala osaphika n'kuwapatsa tanthauzo: anthu angapo ali m'chipinda chimodzi, mawu akumveka, ndiye kuti mwina muli msonkhano. Ndipo panali zigawo zosonkhanitsa zonse zokhudza munthu mmodzi kapena malo amodzi. Ndi chida chimenechi anapanga bolodi yoonetsa amene ali mu ofesi ndi amene watuluka, munthu akangogunditsa kachitsulo kotchedwa iButton polowera. Anapanganso CybreMinder, pulogalamu yokumbutsa zinthu mosayang'ana wotchi yokha: mukufika pakhomo kuti mutuluke, kunja kukuyembekezeka mvula, pamenepo ndiye ikukumbutseni ambulera. Lero foni iliyonse ikhoza kukukumbutsani chinthu mukafika pamalo akuti, ndipo palibe amene amadabwa. Mu 2000 inali nkhani ya kafukufuku.

Tsopano tamverani zimene zinachitika. Mu 2001 magazini ya Human-Computer Interaction inasindikiza pepala lalitali la a Dey, a Abowd ndi a Salber lofotokoza chidachi, ndipo m'kope lomwelo inaikamo mayankho a akatswiri ena. Si onse anaombera m'manja. A Saul Greenberg a ku Calgary anati mmene zinthu zilili kwa munthu zimasinthasintha, zimadalira zimene zachitika kale ndi zimene zili mumtima mwake, kotero wopanga pulogalamu sangazindandalike zonse pasadakhale. A Victoria Bellotti ndi a Keith Edwards anati pa nkhani zokhudza anthu, makina sangamatichitire zinthu mwakachetechete. Ayenera kutionetsa zimene akudziwa, mmene azidziwira, ndi zimene akufuna kuchita nazo. Mu 2004 a Paul Dourish a ku University of California, Irvine, anafika pa tsinde penipeni. Iwo anati tanthauzo la zimene zikuchitika silikhala panja kudikira sensa kuti ilitole. Anthu amalipanga okha pamene akuchita zinthu limodzi, ndipo chimene chili chofunika mphindi ino chikhoza kukhala chopanda pake mphindi yotsatira.

Taganizirani mlonda wa pa geti ndi kabuku kake. M'kabukumo muli dzina la wolowa, nthawi imene walowa ndi ofesi imene wapita. Mafunso atatu mwa anayi aja ayankhidwa, ndipo mutaika kamera lachinayi lingayankhidwenso. Koma kabukuko sikadziwa ngati mayi walowa 9 koloko uja wabwera kudzalandira malipiro kapena kalata yomuchotsa ntchito. Mlondayo mwina akudziwa, chifukwa wamuona kumaso ndipo dzulo anamva manong'onong'o. Kabuku ayi.

Nazi tsono zimene Google Scholar sikuuzani. Pepala lotsutsa a Dey likawatchula, nambala yawo imakwera ndi imodzi, ndendende ngati pepala lowatamanda. Wophunzira amene wangokopera tanthauzo lija m'ndime yoyamba ya pepala lake, osagwiritsa ntchito kalikonse ka m'menemo, nayenso wakweza nambala ndi imodzi. Matanthauzo ali ndi mwayi umenewu: aliyense wolowa m'phunzirolo amayenera kupereka moni pakhomo. Mu 2005 a Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, anayambitsa muyeso wa h-index pofuna kuchepetsa vuto la pepala limodzi lotchuka mopitirira: munthu ali ndi h ya 40 ngati ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 40. Ndi muyeso wochenjera, koma nawonso sudziwa kusiyanitsa kutamanda, kutsutsa ndi moni. Sudziwanso kugawa. Limodzi mwa mapepala otchuka kwambiri okhala ndi dzina la a Dey ndi la mu 2008, "Maximum Entropy Inverse Reinforcement Learning", limene analemba ndi a Brian Ziebart, a Andrew Maas ndi a Drew Bagnell. Anatenga zimene GPS inajambula pa maulendo a madalaivala 25 a matakisi ku Pittsburgh, mtunda woposa mamailosi 100,000, n'kuphunzitsa kompyuta kuzindikira misewu imene madalaivala amakonda kuti izitha kulosera kumene munthu akulowera. Amene analinyamula pepalali kwambiri ndi anthu a maloboti ndi a magalimoto oyenda okha. Dzina loyamba pa pepalalo ndi la a Ziebart, amene pa nthawiyo anali wophunzira. Nanga ulemuwo tiugawe bwanji? Makina owerengera amapatsa aliyense mwa anayiwo wathunthu. N'chifukwa chake mu 2012 asayansi ndi akonzi a magazini ena, atakumana ku San Francisco, analemba chikalata chotchedwa DORA chopempha kuti wofufuza aziyesedwa ndi zimene zili m'ntchito yake, osati ndi kutchuka kwa magazini imene wasindikizamo.

Kwa ine chofunika kuyang'ana ndi chimene munthu amachita akatsutsidwa. A Dey, atagwira ntchito ku Intel Research ku Berkeley, anapita ku Carnegie Mellon University mu 2005, kumene pambuyo pake, mu 2014, anakhala mkulu wa Human-Computer Interaction Institute. Kumeneko dandaulo la a Bellotti ndi a Edwards analisandutsa ntchito. Mu 2009, ndi wophunzira wawo a Brian Lim ndi a Daniel Avrahami, anayesa mitundu yosiyanasiyana ya mafotokozedwe imene makina angapereke, ndipo anapeza kuti anthu amamvetsa ndi kukhulupirira makina kwambiri pamene makinawo ayankha mafunso awiri: wachitiranji zimenezi, ndi walekeranji kuchita zakuti. Patapita zaka, pamene dziko linayamba kuda nkhawa ndi mapulogalamu a AI ogamula zinthu osanena chifukwa, ofufuza anabwerera ku pepala limeneli.

Pa nthawi yomweyi zinthu zinali zitasintha m'matumba mwa anthu. iPhone inatuluka mu 2007, mafoni a Android mu 2008. Masensa amene kale ankachita kukhomedwa m'zipinda tsopano anali mu foni: GPS yodziwa malo, kachipangizo komva kugwedezeka ndi kuyenda, kena komva kuwala, Bluetooth yoona zipangizo zoyandikana nazo, ndi kaundula wa nthawi imene sikirini yayatsidwa ndi kuzimitsidwa. Ofufuza ambiri anangoti basi, foni ndiye munthu. Pamene pali foni, mwiniwake ali pomwepo. A Dey ndi anzawo anaganiza zoyamba aona ngati n'zoona. Mu 2011 anatsatira anthu 28 kwa milungu inayi, kuyeza mtunda wa pakati pa munthu ndi foni yake. Anapeza kuti foni inali pofikika ndi dzanja pafupifupi theka la nthawi basi, ngakhale kuti inali m'chipinda chimodzi ndi mwiniwake pafupifupi magawo 90 pa 100 a nthawiyo. Ndi pepala losatchuka ngati la tanthauzo lija, koma ndimaliona kuti ndi lolemera. Likutanthauza kuti foni ikanena kuti munthu wakhala phee maola atatu, mwina imene yakhala phee ndi foniyo, pa tebulo.

Kenako kunabwera chida chachiwiri. Ndi a Denzil Ferreira ndi a Vassilis Kostakos a ku University of Oulu ku Finland, anapanga AWARE, imene anaifotokoza mu 2015. Ndi pulogalamu yaulere yoika pa foni, yosonkhanitsa zimene masensa akumva n'kuzitumiza kwa wofufuza, komanso yotha kufunsa mwini foni timafunso pa nthawi yoikika. Ubwino wake ndi wakuti dokotala kapena katswiri wa maganizo a anthu, amene sadziwa kulemba mapulogalamu, akhoza kuchita nayo kafukufuku wake. Muona kuti ndi ganizo lomwe lija la mu 1999: bisani mawaya, kuti wina agwire ntchito yake.

Njira yolowera ku zaumoyo inatseguka choncho, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono.

Ndi a Matthew Lee, a Dey anaika masensa m'zinthu za m'nyumba za okalamba, kuphatikizapo kabokosi kosungira mapilitsi kokhala ndi tizitseko ta tsiku lililonse. Kabokosiko kankalemba kuti katseko kati katsegulidwa, nthawi yanji. Pa kafukufuku wina wa mu 2014, okalamba ena anawaikira sikirini m'nyumba yowaonetsa nthawi yomweyo mmene amwera mankhwala. Amene anali ndi sikirini anayamba kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi molondola kuposa kale. Sikiriniyo itachotsedwa, kusinthako sikunakhalitse. Ofufuzawo analemba zonse ziwiri. Taonaninso malire a sensa: kabokosi kakudziwa kuti katseko katsegulidwa, koma ngati pilitsi lamezedwa kapena lagwera pansi pa mpando, sikangadziwe.

Ndi Dokotala Carissa Low a ku University of Pittsburgh anatembenukira kwa odwala khansa. Mu 2017 anafalitsa zotsatira za odwala 14 a khansa ya m'mimba ndi m'matumbo amene ankalandira mankhwala a chemotherapy. Kwa milungu inayi odwalawo anayenda ndi foni ya Android ndi kawotchi ka Fitbit, ndipo tsiku lililonse ankanena mmene akumvera m'thupi. Kompyuta itaphunzira, inatha kusiyanitsa masiku owawa kwambiri, apakati ndi opepuka molondola maulendo pafupifupi 88 pa 100, pongoona kayendedwe, tulo ndi kagwiritsidwe ntchito ka foni. Phindu lake n'loonekeratu. Wodwala chotere amaonana ndi dokotala pa masiku oikika, koma kusanza, kufooka ndi ululu zimamupeza kunyumba pakati pa masikuwo. Foni itati izichenjeza namwino kuti uje zinthu zasintha, namwinoyo akhoza kuimba msanga. Koma musaiwale nambala ija: odwala 14. Eniakewo anautcha kafukufuku woyesera chabe, ndipo anatero pa mutu penipeni pa pepalalo.

Ntchito imene inakopa anthu ambiri ndi ya matenda ovutika maganizo. Gulu la Pulofesa Andrew Campbell ku Dartmouth College ndilo linatsogola mu 2014 ndi kafukufuku wa StudentLife, wotsatira ophunzira 48 kwa milungu 10. Ku Carnegie Mellon, gulu limene munali a Dey linatsatira ophunzira 138 teremu yonse, kuona kumene amapita, tulo tawo, mapazi amene aponda, mafoni amene aimba ndi maola amene akhala pa sikirini. Poyamba ndi pomaliza pa teremu ophunzirawo anayankha fomu ya mafunso yotchedwa Beck Depression Inventory. Pepala la a Prerna Chikersal ndi anzawo, la mu 2021, linanena kuti kompyuta inazindikira amene anali ndi zizindikiro za matendawa pomaliza pa teremu molondola pafupifupi maulendo 86 pa 100. Nambala yokongola. Mapepala enanso ambiri a magulu ena ankatuluka ndi manambala okongola ngati amenewa, ndipo makampani anayamba kununkhiza malonda.

Pali funso limene manambalawa sankayankha. Kompyuta inaphunzira pa ophunzira a pa sukulu imodzi, chaka chimodzi, ndipo inayesedwa pa anzawo a m'gulu lomwelo. Nanga itapita ku sukulu ina? Nanga chaka chamawa?

Amene anafunsa funsoli mosanyengerera ndi gulu la a Dey lomwelo, atasamukira ku Seattle. Ndi wophunzira a Xuhai Xu, Pulofesa Jennifer Mankoff ndi ena ambiri, anasonkhanitsa zochokera m'mafoni ndi m'mawotchi a ophunzira a pa University of Washington kwa zaka zinayi, 2018 mpaka 2021, anthu 497 onse pamodzi. Ntchitoyi anaitcha GLOBEM ndipo anaitulutsa mu 2022. Pa mbali ina ya ntchitoyi anaphatikiza zochokera ku masukulu awiri, n'kumanganso njira zisanu ndi zinayi zimene ofufuza anali atafalitsa kale zozindikirira matenda ovutika maganizo, kuphatikizapo zochokera m'gulu lawo lomwe. Njira iliyonse anaiphunzitsa pa gulu lina n'kuiyesa pa gulu lina. Zinagwa. Anayesanso njira zina zisanu ndi zitatu zimene akatswiri a AI anazipanga dala kuti zizipirira kusintha kotere, ndipo nazonso sizinapose kwenikweni munthu wongolosera kuti aliyense ali mmene ambiri alili. Kuti mumvetse kuwawa kwa chiganizo chimenechi, tiyerekeze kuti mwa ophunzira 100, odwala ndi 30. Munthu wosayang'ana foni ya aliyense, wongonena kuti onse ali bwino, walondola maulendo 70, koma sanapeze wodwala ngakhale mmodzi. Gululo linapereka njira yake yatsopano yotchedwa Reorder, imene inachita bwinopo, ndipo linanena poyera kuti kusiyanako n'kochepa. Chifukwa chachikulu chimene anachiona ndi chakuti anthu amasiyana kwambiri, ngakhale a pa sukulu imodzi.

Taganizirani zaka zimene zili m'kaundula wa GLOBEM ameneyu. Mu 2019, wophunzira wosatuluka m'chipinda mlungu wathunthu anali wofunika kumuyendera. Mu Epulo 2020, mliri wa COVID-19 utatseka makalasi, pafupifupi aliyense anali wosatuluka. Sensa inkamva zomwezo, tanthauzo litatembenuka. A Greenberg ndi a Dourish anali atanena zimenezi zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo, koma iwo anazinena ndi mfundo. Amene anabweretsa umboni wa manambala, umboni woluma ntchito yawo yomwe, ndi gulu la munthu amene ankatsutsidwa uja. Ndipo kaundulayo anamuika poti ofufuza ena akhoza kumupempha n'kuyesapo njira zawo. Mukandifunsa kuti pa ntchito yonse ya a Dey cholemera kwambiri n'chiti, ine ndiloza zitatu zimene munthu wina akhoza kuzinyamula n'kupita nazo: Context Toolkit, AWARE ndi GLOBEM. Ndingaonjezere anthu: a Lim akuphunzitsa ku National University of Singapore, a Ziebart ku University of Illinois Chicago, aliyense ndi ophunzira ake. Tanthauzo la masamba anayi lija, ngakhale ndilo lodzaza nambala, ndiliika pambuyo pa zimenezi.

Ena mwa inu mukufunsa kale kuti nanga ife zikutikhudza pati. Ngati njira yophunzira pa ophunzira a sukulu ina ku America ikulephera pa ophunzira a sukulu inanso ku America komweko, musayembekezere kuti idzachita zozizwitsa ku Ntcheu kapena ku Chipata. Kuno foni imodzi ikhoza kukhala ya banja lonse: m'mawa ili ndi bambo ku msika, madzulo mwana akuonerapo mavidiyo. Ikhoza kugona pa shopu yotchajira, kutali ndi mwiniwake. Munthu akasiya kuimba mafoni masiku anayi, mwina mtima walemera, mwina mayunitsi atha. Akakhala malo amodzi mlungu wonse osagona bwino, mwina akudwala maganizo, mwina ali pa maliro, pakati pa abale, pamene sali yekha m'pang'ono pomwe. Ndipo mapazi a mlimi mu Disembala sangafanane ndi mapazi ake mu Ogasiti, thanzi lake lisanasinthe n'komwe. Zimene zagwira ntchito kwathu kuno zinatenga njira ina. Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa ku Unduna wa Zaumoyo, sichilosera kalikonse. Munthu amaimba 54747, n'kufotokoza yekha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto lake, ndipo apa ndiye pali mphamvu ya mbali ya a Dey, ndi lakuti matenda ena, makamaka a maganizo, amamulanda munthu mphamvu yomwe yotsekulira chitsekocho. Pa anthu oterewa foni yotha kuona kusintha ingathandize, ikanakhala yodalirika.

Palinso funso la amene alandire uthengawo. Wovala Active Badge ku Cambridge ankatha kuvula kabajiko n'kukasiya mu dilowa akafuna kuti asapezeke. Foni sitiisiya choncho, chifukwa ndi momwe muli ndalama zathu, abale athu ndi ntchito yathu. Pulogalamu ikaganiza kuti wophunzira uyu akuvutika maganizo, iuze ndani? Iye mwini, kholo, mphunzitsi, kapena bwana amene akufuna kumulemba ntchito? Ikalakwitsa, ndani apepese? Pa kafukufuku wa ku yunivesite, otenga nawo mbali amafotokozeredwa, amasaina, ndipo akhoza kutuluka. Kampani yogulitsa pulogalamu imakuonetsani chikalata chachitali cha zilembo zing'onozing'ono ndi batani lovomereza.

Kwa ophunzira amene mukuganiza zochita kafukufuku wa mtundu umenewu, AWARE ndi yaulere ndipo mapepala ndawatchulawa akupezeka. Koma musayambire pa kulosera matenda. Yambani ndi funso la mu 2011, limene a Dey analifunsa pa anthu 28 a ku America, mulifunse pa anthu a kwanu: pa maola 24, foni imakhala m'manja mwa ndani, imakhala yoyaka maola angati, ndipo imakhala patali bwanji ndi munthu amene dzina lake lili pa simukhadi? Ndi kafukufuku wotsika mtengo, wotheka pa teremu imodzi, ndipo aliyense wofuna kudzayeza umoyo wa anthu ndi foni m'dera lanulo adzayenera kuyamba wawerenga yankho lanu.